Honda Z50A ya 1970 yagona zaka zambiri, kiki sikutsika: ndiyambire pati?

NjingaZakale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kanjinga kamoto ka Honda Z50A, kamene ena amati Mini Trail, ena Monkey. Ndi kaja ka matayala a mainchesi 8, kopanda masipuling'i kumbuyo, ka zigwiriro zopindika kuti kalowe m'buti ya galimoto. Nambala ya pafelemu ikuyamba ndi Z50A, ya painjini ikuyamba ndi Z50AE, choncho zikuoneka kuti injini ndi yake yomwe.

Mmene kaliri ndi motere. Kiki sikutsika ngakhale pang'ono. M'thanki muli dzimbiri ndi petulo wakale amene wasanduka ngati vanishi. Chingwe choonjezera moto cha pachigwiriro sichikoka chifukwa kabuleta yagwirana m'kati. Matayala ang'aluka m'mbali, mpando wang'ambika, ndipo masikuluu angapo a pachivundikiro cha kumanja kwa injini anadyeka kale mitu. Penti wofiira wazilala koma akadalipo.

Ndikufuna kayendenso komanso kaoneke monga kanatulukira kufakitale. Ndiyambe ndi chiyani? Injini yogwira chonchi ndi yoti n'kuyesa kuikonza, kapena ndingoikapo ya ku China ya 110 cc? Nanga zida zake zimagwirizana ndi za njinga ziti?

MakanikoWamkulu

Achimwene, musayambe ndi penti, ndipo musaphwasule njinga yonse tsiku limodzi. Yambani mwadziwa ngati injini ili ndi moyo, chifukwa ndi imene idzakuuzeni ndalama zimene ntchito yonseyi idye. Musanamasule kanthu, jambulani chilichonse ndi foni: mmene mawaya adutsira, mbali imene wasa aliyense wakhala, mabawuti aatali ndi aafupi. Zida za malo amodzi muziika m'kajumbo kake n'kulembapo.

Chachikulu lero: musaponderenso kiki. Pistoni ikagwira, mphamvu yonse ya mwendo wanu imathera pa mano a magiya a kiki ndi pa shafiti yake, ndipo zimenezo zikathyoka mufunika kugawa pakati injini yonse. Chotsani pulagi, muthire m'bowo lake oilo wa giya ya otomatiki wosakaniza ndi acetone mofanana, kapena dizilo ngati acetone mulibe. Silinda ya injini imeneyi ndi yogona, ndiye mukangothira njinga itaima bwinobwino mankhwalawo amangokhala pansi. Imikani njingayo tayala lakutsogolo lili m'mwamba kuti adzaze pamutu ponse pa pistoni. Isiyeni masiku atatu mpaka sabata, mukuwonjezera akaphwa.

Kenako tsegulani chivundikiro cha kumanzere, mugwire ndi manja flywheel, chigudumu cholemera cha maginito chozungulira ndi injini, muziigwedezera uku ndi uku pang'onopang'ono. Ikakana, musakoke nati yake ndi chitsulo chachitali. Tsitsani hedi. Ili ndi manati anayi pamwamba, bawuti wina wam'mbali, ndi sipuloketi ya kamu imene muyenera kuyamba mwaimasula. Onetsetsani pamene pali wasa wa kopa ndi pamene pali nati yosiyana ndi zinzake, chifukwa sanaziike mwangozi: oilo wopita kuhedi amakwera motsatira bawuti mmodzi mwa anayiwo, ndipo wasa wa kopa ndi amene amatseka kuti asadonthe. Hedi ikachoka, ikani kathabwa kolimba kokwana m'bowo la silinda pamutu pa pistoni, mugogode ndi hamala mosakwiya. Chitsulo pachitsulo ayi. Ngati pistoni inaimira pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, kugogoda sikuisuntha, kumangopweteka beringi ya kondirodi. Zikatero masulani silinda yomwe kuti izituluka pamodzi ndi pistoni mukamatembenuza flywheel, muike timatabwa kunsi kwa silinda, ndiye mugogode.

Za masikuluu odyeka aja: Honda yakale inkagwiritsa ntchito masikuluu a JIS, a muyezo wa ku Japan, osati a Phillips. Amaoneka ofanana, koma sikuludiraiva ya Phillips sifika pansi pa mtanda wake, imaterereka n'kudya mutu. Pezani impact driver yomenya ndi hamala, yokhala ndi mano a nambala 2 ndi 3. Amene mutu unatheratu, boolani mutu wokhawo ndi dirilo ya 6 mm mpaka uchoke. Chivundikiro chikatuluka, kotsalako kamamasuka ndi pulayala chifukwa palibenso chokakoka.

Silinda ikachoka yang'anani zinthu ziwiri musanagule kalikonse. Gwirani kondirodi muikokere kunja ndi kuikankhira m'kati: isagwedere ngakhale pang'ono. Kusuntha cham'mbali n'kololedwa, pakati pa 0.10 ndi 0.35 mm, ndipo ikapitirira 0.6 mm yatha. Chachiwiri, unikani ndi tochi m'kati mwa injini. Mukaona dzimbiri pa kirankishafiti ndiye kuti munalowa madzi, ndipo injini iyenera kugawidwa kuti maberingi onse asinthidwe. Mukapeza oilo wakuda chabe, mwapulumuka ntchito yaikulu.

Sipanala10

Akulu a NjingaZakale, ine ndingoti ganizirani bwino za injini ya ku China ija. Ma Lifan ndi ma Loncin ogona aja anatengera injini yomweyi ya Honda, ndipo mabawuti awiri omangira pafelemu amakhala malo amodzimodzi. Imabwera ndi CDI ya 12V, kabokosi kamagetsi kopereka moto ku pulagi, mulibe mapointi ovuta, timilomo totseka ndi kutseguka tochita ntchito yomweyo m'injini zakale, zida zake zili paliponse. Ngati cholinga n'choti kanjinga kaziyenda Loweruka lililonse, njira yachidule ndi imeneyo. Yakaleyo muisunge pashelefu, musaigulitse.

MakanikoWamkulu

A Sipanala10, pa mabawuti omangira mwanena zoona, koma mwiniwake wati akufuna kabwerere monga kanatulukira kufakitale, ndipo mtengo wa Z50A uli pa felemu ndi injini zimene zinabadwira limodzi. Komanso ganizani za njinga yomwe. Inapangidwira injini ya 49 cc ya magiya atatu. Kumbuyo kulibe masipuling'i, Honda inawaika kuyambira 1972. Mafoloko akutsogolo mulibe oilo, ndi sipuling'i ndi girisi basi, mabuleki ndi timadiramu ting'onoting'ono. Kuika 110 pamenepo n'kuipatsa liwiro limene singathe kuimitsa. Silinda ya 110 ndi yotalikirapo, ndiye ekizozi ndi paipi ya kabuleta sizifika pamalo ake, mawaya onse a 6V n'kusinthanso. Si ntchito yochepa monga imamvekera.

Pa zida tisasokoneze. Magasiketi ambiri, masilo a kiki ndi a giya, zotsekera mavalavu, tcheni cha kamu cha 25H cha malinki 82, zimagwirizana ndi za C50, C70 ndi CT70 zakale. Koma pistoni, kirankishafiti, flywheel ndi kamu za injini za 12V zimasiyana ndi za 6V, ngakhale zonse zilembedwe kuti 50 cc. Pistoni imasiyana kutalika kuchokera papini kufika pamutu, ndi kaumbidwe ka mutuwo. Mukaika yolakwika, mwina imenya hedi, mwina injini ikhala yopanda mphamvu yopanikiza. Pogula tengani yakaleyo m'thumba, muziike pamodzi pa pini imodzi muone ngati mitu ikulingana.

MayiWaMagineto

Bambo, pamene pistoni ikuviikidwa musakhale chabe, thanki ndi kabuleta zikudikira.

Thanki muchotse kampopi ka petulo ndi chitsekero musanathiremo chilichonse, chifukwa asidi wa viniga wochotsera dzimbiri amadya chitsulo chofewa chimene anapangira kampopiko. Tsekani bowo ndi kamphira. Vanishi wa petulo wakale sasungunuka ndi viniga, ndiye yambani ndi thinala kapena acetone, kenako madzi otentha a sopo. Ikanimo manati ang'onoang'ono odzaza dzanja, mukhutchumule kuti dzimbiri lokhuthala ligwe. Awerengeni polowetsa ndi potulutsa. Mukatero dzazani viniga woyera mpaka pakamwa, thankiyo ndi ya malita awiri ndi theka chabe, muisiye tsiku limodzi kapena awiri. Mukakhuthula tsukani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira kuti asidi afe, umitsani msanga padzuwa kapena ndi mpweya wotentha, ndipo nthawi yomweyo zunguzanimo oilo pang'ono wosakaniza ndi petulo. Chitsulo chongotsukidwa kumene chimagwiranso dzimbiri pasanathe ola.

Ngati dzimbiri ndi lambiri, magetsi amachita bwino kuposa viniga ndipo sadya chitsulo chabwino. Supuni imodzi yaikulu ya washing soda, soda wochapira osati wophikira, m'madzi odzaza thanki, waya wa negetivi wa tchaja ya batire ya 12V pathanki penipeni pamene palibe penti, wa pozetivi pa kachitsulo kolendewera m'madzimo kosakhudza thanki paliponse. Kachitsuloko kakhale kachitsulo wamba, osati stainless, chifukwa stainless imasiya poizoni m'madzi. Chitirani panja popeza pamatuluka mpweya woyaka. Muzipala kachitsuloko pakapita maola angapo.

Dzimbiri likachoka, timabowo tobisika timaonekera, makamaka kunsi kumene madzi ankakhala. Musapite ndi thankiyo kowotcherera ikununkhabe petulo. Thanki yooneka youma imaphulika.

Chitsekero cha thanki ya Z50A chili ndi kotsegulira ndi kutsekera mpweya, kolembedwa ON ndi OFF, kuti petulo asatayike njinga ikagonekedwa m'galimoto. Kakakhala pa OFF kapena kabowo kake kakatsekeka, injini imalira mphindi zochepa n'kuzima, ndipo anthu amaphwasula kabuleta kambirimbiri pomwe vuto lili pachitsekero.

Kabuleta yake ndi Keihin yaing'ono, ndipo ndi yabwino kuposa zambiri zatsopano zotchipa, musaitaye. Kapisitoni kake kokokedwa ndi chingwe, kamene kagwirana m'katimo, musakakoke ndi chingwe kapena kukatokosa ndi sikuludiraiva. Viikani kabuleta m'madzi otentha kwambiri kwa mphindi khumi, vanishi afewe, kadzatuluka ndi zala. Tulutsani majeti onse, singano ya fuloti ndi sikuluu ya mpweya pamodzi ndi kasipuling'i kake. Jeti yaing'ono ndi imene imatsekeka nthawi zonse. Iunikeni kudzuwa, muone kuwala kozungulira bwino. Potsegula gwiritsani ntchito kawaya kamodzi ka kopa kochokera m'chingwe cha magetsi. Singano yosokera kapena waya wachitsulo zimakulitsa bowo, ndipo jeti ikakula sibwereranso. Fuloti ya buraasi muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva petulo m'kati ndiye kuti yabooka. Majeti akale a Keihin akayera abwezereni, a m'mapaketi atsopano nthawi zambiri mabowo ake sakhala a muyezo umene walembedwapo. Kupaketiko tengani magasiketi ndi timphira. Sikuluu ya mpweya muimange mofatsa mpaka ifike, mubweze kamodzi ndi theka, poyambira pakhale pamenepo.

Ngati muli ku Malawi kumbukirani kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amafewetsa mphira zakale, choncho paipi ya petulo ikhale yatsopano, muikepo kasefa pakati, ndipo njinga ikamakaima mwezi kapena kuposa muzikhuthula kabuleta.

Tsopano moto. Injini imeneyi sidalira batire kuti pulagi ithetheke. Moto umachokera pa koilo ya kuseri kwa flywheel, kudutsa pa mapointi ndi kondensa, kupita ku koilo ya pafelemu. Mapointi akakhala zaka osagwira ntchito amachita kanthongo koyera kosadutsa magetsi, ndipo kawirikawiri vuto lonse limakhala lomwelo. Flywheel ili ndi mazenera, mutha kuwafikira osaichotsa. Pitsanipo sandipepa wosalala wa 600 wopinda pawiri, kenako kapepala koyera konyowetsa ndi petulo mpaka katuluke kopanda dothi. Kamchenga kamodzi kotsalira kakwanira kuletsa moto. Mpata wake atatseguka kotheratu ndi 0.3 mpaka 0.4 mm. Mukatembenuza flywheel kumanzere, mmene imazungulira injini ikamalira, mapointi ayambe kutseguka pamene chilembo F chafika pa kamzere ka pa injini. Pa injini iyi taimingi imasintha ndi mpata womwewo: mukaukulitsa moto ufulumira, mukauchepetsa uchedwa. Kapepala kopyapyala kwambiri kopanidwa ndi mapointi kamakuuzani: pamene kayamba kusololoka ndi pamene atseguka.

Kuti musinthe mapointi kapena kondensa, flywheel ichoke ndi chida chosololera, puller yake ya 27 mm ya mazinga akumanzere. Ya miyendo itatu imapinda flywheel, ndipo hamala imapinda nsonga ya kirankishafiti n'kufooketsa maginito. Samalani kakiyi kang'ono kokhala ngati mwezi kamene kali pashafiti. Kondensa yofooka imadziwika ndi moto wambiri wothetheka pa mapointi ndi injini yolira bwino ikazizira koma yodukiza ikatentha. Pulagi ndi NGK C6H, kapena C6HSA imene imapezeka masiku ano, mpata 0.6 mpaka 0.7 mm. Moto ukapanda kubwera zonsezi zitachitika, chotsani waya wopita ku swichi muyesenso, chifukwa swichi imazimitsa injini pogwetsera moto ku felemu, ndipo yadzimbiri imatero ngakhale ili pa ON.

NjingaZakale

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse. Pistoni yatuluka nditatsitsa hedi ndi kugogoda ndi thabwa. Kondirodi sikugwedera, m'kati mulibe dzimbiri. Koma m'silinda muli mzere wa dzimbiri pamene maringi anaima, ndipo chikhadabo chikukodwa pamenepo. Valavu ya ekizozi inali yotseguka pang'ono ndipo ili ndi dzimbiri pamlomo. Kagudumu ka mphira ka m'silinda kolondolera tcheni cha kamu kauma ngati mwala. Ndingopala silindayo n'kuika maringi atsopano?

MakanikoWamkulu

Ayi achimwene, pamene chikhadabo chikukodwa kupala sikuthandiza. Maringi atsopano azidumpha pa dzenjelo, oilo azikwera, utsi wabuluu sudzatha. Silindayo ndi yachitsulo ndipo imakulitsidwa. Muyezo wake wa kufakitale ndi 39 mm, mapistoni okulirapo alipo a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm. Yang'anani pamutu pa pistoni yakale mutapala mwaye, ngati palembedwa nambala ngati 0.50 ndiye kuti inakulitsidwapo kale. Yambani mwagula pistoni, mupite nayo pamodzi ndi silinda kwa okulitsa, kuti aboole molingana ndi pistoni imene ili m'manja mwawo. Sankhani saizi yaing'ono imene ingachotse dzenjelo, kuti mtsogolo mudzatsale pokulitsira. Ikabwera itsukeni ndi madzi otentha a sopo mpaka kansalu koyera katuluke koyera. Petulo yekha sachotsa mchenga wa mwala wopalira, ndipo mchengawo umadya maringi m'masiku ochepa.

Ringi iliyonse muilowetse yokha m'silinda, muikankhe ndi pistoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mipata: 0.15 mpaka 0.35 mm. Ukachepa, ringi ikatentha imakumana n'kukanda silinda. Zilembo za pa maringi ziyang'ane kumutu kwa pistoni, ndipo pakamwa pa maringi pasakhale pamzere umodzi kapena molunjika ndi pini. Chizindikiro cha IN cha papistoni chiyang'ane mbali ya kabuleta, kumene ndi kumwamba pa injini yogonayi. Timakilipi ta pini tikhale tatsopano, ndipo potiika tsekani kukamwa kwa injini ndi nsalu, kamodzi kakagweramo mugawa injini chifukwa cha kawaya.

Valavu ija ndi imene inalowetsa chinyezi. Ngati mlomo wake uli ndi timaenje, gulani ina. Mukaipera ndi phala lopelera mavalavu, payenera kutuluka mzere wotuwa wosaduka, wa pafupifupi 1 mm m'lifupi, pavalavu ndi pampando wake. Poyesa, bwezerani masipuling'i, muthire palafini m'njira ya mpweya, mudikire mphindi zingapo. Akangonyowetsa mbali inayo, peraninso.

Kagudumu kouma kaja ndi chenjezo lalikulu, ndipo pano ndikufuna mumvetsetse, chifukwa injini zambiri zokonzedwa bwino zimafera apa. Pampu ya oilo ya injini imeneyi imazunguzidwa ndi tcheni cha kamu, kudzera pa kasipuloketi ka mano a mphira kamene kali kuseri kwa mbale ya makoilo. Ngati kagudumu ka m'silinda kauma, dziwani kuti kasipuloketiko ndi kagudumu kokungira tcheni zaumanso. Mano ake akagumuka pampu imaima, injini n'kumalirabe bwinobwino pamene kamu ndi marokala zikupsa. Sinthani zonse zitatu pamodzi ndi tcheni. Khuthulani oilo musanachotse mbale ya makoilo, ndipo muike silo yatsopano ya pashafiti, O-ring wamkulu wozungulira mbaleyo ndi timphira tiwiri ta kunsi kwa masikuluu ake. Zikadontha, oilo amafika pa mapointi ndipo moto umasowa.

Njira ya oilo muitsate yonse. Kuseri kwa chivundikiro cha kumanja, pansi, kuli kasefa ka waya kolowa ngati kadirowa, katsukeni. Pakati pa kilachi pali kachivundikiro ka masikuluu, m'kati mwake ndi mmene zinyalala zimaunjikana chifukwa cha kuzungulira, palani matope onsewo. Ndipo pamene silinda imakhalira pa injini, pafupi ndi bawuti mmodzi wautali, pali kabowo kakang'ono kwambiri kopitsa oilo kuhedi. Kauzireni mpweya muone kuti n'kotseguka. Chifukwa cha kabowo kameneka musapake silikoni pa magasiketi a injini iyi. Amafinyikira m'kati, kachidutswa kamodzi n'kukatseka. Gasiketi youma pamalo oyera imakwanira, koma timphira tozungulira ta pakati pa silinda ndi hedi ndi pansi pa silinda musatiiwale.

Pomanga, chilembo T cha pa flywheel chikhale pa kamzere kake, ndipo kachizindikiro ka O ka pa sipuloketi ya kamu kalunjike pa kamphako ka pahedi. Manati anayi a hedi amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono maulendo awiri kapena atatu, mpaka 9 kufika 12 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Ndi mabawuti a 6 mm okha, dzanja lolemera limazula mazinga m'aluminiyamu. Mavalavu onse awiri mpata ndi 0.05 mm injini itazizira, pa T pamene marokala onse ali omasuka. Musanaike pulagi tembenuzani injini ndi dzanja kawiri, ikagunda penapake imani muonenso taimingi.

Oilo ndi malita 0.8, wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA, 10W-40 kapena 20W-50 kumalo otentha. Oilo wina wa magalimoto amatereretsa kilachi chifukwa mbale zake zimasambira mu oilo yemweyo. Poyeza, kandodo kangokhazikidwa pakamwa osakamanga. Kilachi yake ilibe chogwirira, koma imafuna kutchera: masulani nati ya pachivundikiro cha kumanja, tembenuzani sikuluu kumanja kamodzi, bwezani kumanzere mpaka mumve kulimba, kenako kumanja gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, mumange nati mutagwira sikuluuyo. Mukalakwitsa apa, mwina kiki imangoterereka, mwina magiya amalowa mogunda.

Ikangolira koyamba, masulani chotsekera valavu chapamwamba musuzumire. Pasanathe mphindi imodzi muyenera kuona oilo akuwazika pa rokala. Mukapanda kumuona zimitsani pomwepo. Oilo woyambayo mumukhuthule injini ikayenda ola limodzi kapena awiri, muyezenso mavalavu ndi manati a hedi itazizira.

Wilo8

Bambo, injini ikalira mudzafuna kukwera tsiku lomwelo, ndiye za miyendo zikhale zitatha.

Marimu a Z50A ndi a zibanthu ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Tulutsani mpweya wonse, muchotse ndi kavalavu ka m'chubu, musanakhudze bawuti aliyense. Kumasula rimu yotere muli mpweya kwavulaza anthu. M'kati mwake mupeza dzimbiri limene lamata tayala ku rimu. Tayala lakale lingodulidwa, rimu ipalidwe ndi kupentedwa m'kati momwe, apo ayi dzimbiri lidzaboola chubu chatsopano. Pomanga, popani chubu pang'ono kuti chizungulire bwino, chisapanidwe pakati pa zibanthu ziwirizo. Saizi ndi 3.50-8, ndipo m'mashopu a hadiweya mupeza matayala olembedwa nambala yomweyo, koma ndi a wilibala. Amalowa ndithu, koma sanapangidwire liwiro kapena kutentha. Funani olembedwa kuti ndi a njinga yamoto.

Mashuzi a mabuleki sinthani ngakhale akuoneka okhuthala. Guluu wake akakalamba chikopacho chimamatuka n'kupanikiza wilo mwadzidzidzi. Fumbi la m'diramu musaliuzire, mashuzi a zaka zimenezo ambiri anali ndi asbestos, pukutani ndi nsalu yonyowa. Kashafiti kotsegula mashuzi kachotseni, mukapale, mukapake girisi wochepa kwambiri. Maberingi a mawilo ali ndi nambala m'mbali mwake, muiwerenge n'kukagula kwa ogulitsa maberingi wamba, otseka mbali zonse ziwiri. Kapaipi ka pakati pa maberingi awiriwo kasaiwalike, popanda iko maberingi amafinyika mukamanga ekiselo.

M'khosi mwa felemu muli timipira tachitsulo tosamangirira, 21 pamwamba ndi 21 pansi. Yalani nsalu musanamasule. Ngati mbale zimene timayendamo zili ndi timaenje, chiwongolero chizikodwa pakati, ndiye sinthani zonse. Mafoloko, monga anenera a MakanikoWamkulu, ndi sipuling'i ndi girisi. Chimene chimatha ndi timabushi ta pulasitiki ta m'kati, ndicho chifukwa wilo lakutsogolo limagwedera kutsogolo ndi kumbuyo. Onaninso felemu pansi pa mpando ndi pomangira injini, njinga zopanda masipuling'i kumbuyo zimang'aluka malo amenewo zikamakweredwa ndi akuluakulu. Ming'alu iwotchereredwe penti asanapakidwe.

Tcheni ndi cha 420. Cha 428 cha njinga zambiri za 125 ndi 150 chimaoneka ngati chomwecho chifukwa kutalika kwa linki n'kofanana, koma ndi chotakata ndipo timagudumu take n'tokulirapo, sichikhala bwino pa mano. Tcheni ndi masipuloketi onse awiri zisinthidwe limodzi, chilekerereni kusewera pafupifupi 2 cm pakati, ndipo mbali yotseka ya kakilipi iyang'ane kumene tcheni chikupita.

Pa magetsi, mababu onse ndi a 6V ndipo akhale a mawati amene analembedwa pa akalewo. Lakumbuyo likapsa musayende mutayatsa nyali, chifukwa mphamvu yonse ya koilo imathamangira kubabu lakutsogolo n'kulipsereza nalonso.

Za penti ndili ndi maganizo anga. Ngati wofiira uja akadalipo, yesani kaye kumutsuka ndi kumupukuta ndi polishi wosalala. Penti wa kufakitale, ngakhale wozilala, ambiri okonda njingazi amamulemekeza kuposa watsopano, ndipo akachoka sabweranso. Mukasankha kupenta, dziwani kuti wofiira wa kufakitale wa Honda wotchedwa Candy Ruby Red si wofiira wamba wothira kamodzi. Pansi pamakhala siliva, pamwamba wofiira woonekera m'kati wopopera mopyapyala kangapo, ndipo ulendo uliwonse umaderetsa mtundu. Felemu, mafoloko ndi zonse zofiira zipoperedwe tsiku limodzi, ndi munthu mmodzi, maulendo ofanana, apo ayi zidzasiyana zikakhala pamodzi. Mtundu weniweni woti wopenta afanizire muupeza pamalo amene dzuwa silinafike, monga pafelemu kunsi kwa thanki. Phimbani nambala ya felemu kuti isakwiririke, ndipo pamene koilo ndi injini zimakhudza felemu mupalepo penti mpaka chitsulo chioneke, chifukwa moto wa pulagi umabwerera kudzera pamenepo.